Amayi, kwathu sindinakutaye

Okondedwa Amayi, achimwene, alamu ndi ana nonse,

Kuno ku Malta tilipo, akamwini anu akupereka moni, kungoti dzuwa la Ogasiti likuotcha ngati la ku Nsanje mu Okutobala.

Amayi, achimwene andiuza pafoni kuti chimvereni zoti ndatenga unzika wa kuno simukugona, akuti mwana wanu wasiya dziko. Mtima m'malo. Kale zinalidi choncho, ukatenga pasipoti ya eni, ya kwathu umaitaya. Koma mu Disembala 2018 aphungu athu anasintha lamulo lija, moti wobadwa Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Kuno anayamba kuloleza zimenezi mu 2000. Mapasipoti onse awiri ndawaika m'chikwama chimodzi, chokulunga m'chitenje chija munandipatsa potsanzikana.

Sizinabwere ndi tsiku limodzi ayi. Wokwatiwa ndi mwini dziko amadikira zaka 5 ali pabanja, akukhala nyumba imodzi, ndiye nkupereka mapepala. Achimwene, zikomo poyenda maulendo aja kuboma kufuna kalata yanga ya kubadwa, popanda inu bwenzi ndikudikirabe. Tsiku lolumbira mawu anandinjenjemera, maganizo onse ali pakhonde panu. Anzanga osakwatiwa kuno njira yawo ndi yaitali: zaka zambiri, mboni ziwiri, kenako nduna ndiyo imagamula. Pomwe anthu achuma ankangothira ndalama, mayuro 600,000 kupita m'tsogolo, unzika nkutuluka ena asanadziwe ndi komwe kuli msika. Khoti la European Union linati zimenezo nzosemphana ndi malamulo mu Epulo 2025, ndipo ine ndinasangalala. Munthu amene sanakhalepo pamaliro a m'mudzi angakhale bwanji mwini mudzi?

Dzikoli mukalimva kutchuka mungayese ndi lalikulu. Pachilumba chake chachikulu, kuchoka nsonga ina kufika ina ndi makilomita 27 basi, ngati kuchoka m'tauni ya Lilongwe kupita ku Lumbadzi, koma anthu opitirira 500,000 athithikana pomwepo, ndipo mtunda umenewo amaudandaula ngati wa ku Karonga. Amayi, ndi chilumba chija cha Melita cha pa Machitidwe 28, pomwe chombo cha Paulo chinasweka. Mukawauze a kumvano kuti mwana wanu amadutsa pagombe lotchedwa dzina lake. Ufulu analandira kwa Angerezi mu 1964 ngati ife, ife mu Julaye iwo mu Seputembala, ndiye ndimawauza kuti ndife akulu awo ndi miyezi iwiri.

Chondidabwitsa mpaka lero ndi madzi. Dziko lonse lilibe mtsinje ngakhale umodzi! Ambiri amene timamwa ndi a m'nyanja yamchere, ochita kusefa ndi makina, ndipo tiyi wake safika pa wa madzi a pamjigo wathu. Mvula nayo imagwa nthawi yozizira, nyumba zamiyalazi nkuzizira mpaka m'mafupa, mbaula osaiona.

Ndiwo yaulemu kuno ndi kalulu, amene ana kwathu amathamangitsa ndi agalu m'tchire. Amamuweta, nkumuphika ndi vinyo ndi adyo, mlendo wolemekezeka ndiye amadya. Pali timikate totchedwa pastizzi, ta nsawawa kapena tchizi mkati, tosakwana yuro imodzi, ndito mandasi awo. Ufa ndimaupeza m'sitolo ya zakudya za ku Africa, wokwera mtengo, nsima yake yosanunkhira mphale. Miyezi ino mudzi uliwonse ukuchita phwando la woyera wake, kunyamula chifanizo pamapewa, makombola kuphulika usiku wonse. Ife timati kwathu zikondwerero zimatha ndalama, bwerani mudzaone kuno.

Tikubwera mu Disembala, ndipo pabwalo la ndege ndidzaonetsa pasipoti ya kwathu. Mundifutsire nkhwani, mundisungirenso usipa wouma. Gawo langa la munda wa kudambo musapatse munthu, Amayi.

Ndine mwana wanu wokusowani.