LOLE IKAGWA, ADZALIPIRA NDANI KATUNDU WANU?

M'mwezi wa July caka ca 2019, amalume anga a ku Katete anakweza matumba 120 a nshawa zosenda pa lole kuti akagulitse ku msika wa Soweto mu Lusaka. Theka la matumbawo linali la m'munda mwao. Theka lina anatenga pa ngongole kwa anansi ao asanu, ndipo anapangana kuti ndalama adzapereka pobwera.

Amene anawapezera lole ija ndine. Popeza ndinapita ku sukulu, amalume anandiuza kuti, “Mphwanga, iwe udziwa kuwerenga. Taona ngati mapepala a galimotoyi ali bwino.” Ndinayang'ana tumapepala tomata pa galasi, ndinaona kuti msonkho wa mseu ndi wolipira ndiponso inshuwalansi iripo, ndipo ndinati, “Amalume, kwezani, zonse ziri m'malo mwace.”

Lole inanyamuka madzulo. Inapitirira Sinda, Petauke, Nyimba ndi Kacholola, ndipo inaoloka ulalo wa Luangwa pakati pa usiku. Pofika m'mapiri a Manenekera, kumene mseu wa Great East umakhotakhota m'mbali mwa maphompho, mabuleki anakana ndipo lole inagwera kunsi. Mulungu anacita cifundo, woyendetsa ndi amalume anaturuka amoyo. Koma matumba anaphulika, nshawa zinamwazika m'miyala, zina zinanyowa ndi dizilo, ndipo zina anatola anthu kusanace.

Patapita sabata tinapita kwa mwini lole. Iye anatilandira mwaulemu, natulutsa pepala lace la inshuwalansi kuti tiwerenge pamodzi. Apo mpamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Inshuwalansi yace inali ija imene lamulo la pa mseu limakakamiza galimoto iri yonse kukhala nayo. Nchito yace ndi kulipira anthu ena amene galimotoyo yawapweteka kapena kuwaonongera zinthu pa mseu. Za katundu wokwezedwa pa lole munalibe ngakhale liu limodzi. Ndinamvanso tsiku lomwelo kuti ngakhale inshuwalansi yaikuru, imene imakonzetsa lole yeniyeniyo ikaonongeka, kawirikawiri siikhudza matumba ali pamwamba pace.

Mwini lole analibe ndalama, pakuti cuma cace conse cinali cigonere m'phompho. Tikanatha kupita naye ku khoti, koma amalume anati munthu wopanda kanthu ungamzenge mlandu caka cathunthu osapatapo ngwee. Anagulitsa ng'ombe zao ziwiri zolimira nalipira anansi aja. Dzinja la caka cimeneco analima ndi khasu la m'manja. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi, ndipo kukhala cete kwaoko kunandiwawa koposa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa, ndipo zimene ndaphunzira ndi izi.

Katundu wa pa ulendo ali ndi inshuwalansi yaceyace. Angathe kuigula mwini malole, kuti ikhale yoteteza katundu wa anthu amene amawanyamulira caka conse. Angathenso kuigula mwini katundu, ngakhale ya ulendo umodzi wokha. Imalipira lole ikagwa, ikaombana ndi inzace kapena ikapsya. Za kuba muyenera kufunsa mwacindunji, cifukwa mapangano ena amaziphatikiza ndipo ena iai. Ndalama zimene munthu amapereka ndi kagawo kakang'ono ka mtengo wa katundu. Anthu ambiri akasonkha pang'onopang'ono motero, mmodzi amene tsoka lamgwera amathandizidwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nzeru yace ndi yomwe ija ya cithandizo ca pa maliro m'mudzi.

Koma pangano liri lonse liri ndi malire ace. Coyamba, limanena ndalama zimene kampani ingalipire pa ulendo umodzi. Ngati munena mtengo wocepa kuti musonkhe zocepa, mwadzinyenga nokha. Tinene kuti katundu wanu ndi wa K100,000 koma mwalembetsa K50,000. Akaonongeka wa K40,000, kampani idzakupatsani theka, ndiye K20,000. Caciwiri, pali kagawo koyamba ka citayiko kamene mwini amasenza yekha, ndipo kamalembedwa m'panganomo. Cacitatu, kampani ingathe kukana kulipira ngati lole inasenza mopitirira muyeso wace, ngati woyendetsa analibe laisensi yoyenera kapena anali ataledzera, ndiponso ngati katundu ananyowa ndi mvula cifukwa sanamphimbe ndi tenti. Ife a kumudzi timakonda kunena kuti, “Onjezani matumba khumi okha.” Matumba khumi amenewo angathe kutayitsa malipiro a matumba onse.

Ngozi ikacitika, dziwitsani apolisi ndi kampani ya inshuwalansi msanga. Sungani kalata ya apolisi, pepala losonyeza ciwerengero ca matumba amene anakwezedwa, malisiti ogulira, ndi tikiti ya pa sikelo ngati iripo. Jambulani zithunzi ndi foni. Tolani ndi kusunga katundu wotsala, pakuti kampani imatuma munthu wace kudzaona kukula kwa citayiko. Ife pa ulendo uja tinalibe pepala liri lonse. Matumba tinangowerenga ndi pakamwa.

Amene amatumiza katundu ku Malawi kudzera pa Mwami adziwenso ici: Yellow Card ya COMESA imene oyendetsa amaonetsa m'maiko ena ndi ya anthu opwetekedwa pa mseu. Nayonso siiteteza katundu.

Makolo athu akumbukira kuti kampani ya Boma ya Zambia State Insurance Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1968, inagwira yokha nchito imeneyi kwa zaka pafupifupi 20, kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Lero makampani ndi ambiri, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority potsata lamulo la inshuwalansi la 2021. Musanapereke ndalama, funsani ngati kampaniyo kapena wothandizira wace ali ndi cilolezo ca bungwe limeneli. Ndi komwekonso kumene mungakadandaule ngati akukanizani malipiro popanda cifukwa.

Ena adzati zonsezi ndi za eni malole akuluakulu. Koma mwini malole khumi ikagwa imodzi amatsala ndi asanu ndi anai. Mlimi amene wakweza zokolola za caka conse pa lole imodzi satsala ndi kanthu. Ngati ndalama zacepa, alimi a m'kopaletivu imodzi angathe kukweza pamodzi ndi kusonkherana.

Amalume anagulanso ng'ombe patapita zaka zitatu. Caka cathaci anatumizanso nshawa ku Lusaka, ndipo sanandiitane kuti ndione galasi. Anaima okha pamaso pa mwini lole nafunsa kuti, “Bambo, lole yanuyi ikagwa, adzalipira ndani matumba angawa? Ndionetseni pamene palembedwa.” Mwini lole woyamba analibe pepala lotero, ndipo amalume anadikira masiku awiri kufikira atapeza wina amene anali nalo.