Ukakhala ku Zomba Usakhale Chete

Wokondedwa mzime wanga,

Kalata iyi ndaibisa pansi pa bulangeti m'sutikesi mwako kuti ukaipeze utafika kale ku Zomba. Ndikanakupatsa pamanja ukanaitsegula ine ndili pomwepo, ndiye tonse awiri tikanasowa koloza maso. Umandidziwa. Zaka 34 ndakhala ndikuima pamaso pa ana a Sitandade 8 mpaka mawu kusasa, koma ndikati ndiyankhule ndi mwana wanga wobereka ndekha lilime limauma. Mawa pa depoti ndikudziwa kuti ndidzangoti, "Uyende bwino, ukalimbikire sukulu," basi n'kutembenuka.

Nkhani ndi ya msuweni wako. Patha miyezi 14 chimuikireni m'manda, ndipo pakhomo pano dzina lake timalilambalala ngati chitsa cha m'njira. Pali chinthu chimene sindinakuuzepo. Akuchidziwa ndi amayi ako okha. Lachitatu la sabata imene anatisiya ija anandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe. Ndinali kudimba ndikuthirira kabichi. Anati, "Amalume, ndatopa." Ndinamufunsa ngati ndi ntchito. Iye anati ayi, kungoti kulikonse kumene angakhale amadziona ngati mlendo, ngakhale pakati pa abale. Ukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinati, "Limba mtima, ndiwe mwamuna, m'tauni aliyense amatopa." Ndinaonjeza kuti adule foni mayunitsi angamuthere. Sitinathe ngakhale mphindi zitatu. Loweruka m'mawa azakhali ako anali akugubuduzika pabwalo.

Ine mwini mbumba, amene mwana wa mlongo wanga anandisankha pakati pa anthu onse a m'foni mwake, ndinamusungira mayunitsi.

Pamaliro paja unamva wekha zimene anthu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ena ankati anamulodza anzake a kuntchito, ena ankati ndi mkazi, ena ngongole za katapila, ena chamba. Aliyense anali ndi yankho lake chifukwa palibe amene anamufunsapo ali moyo. Komatu mwana uja ndinamunyamula ali wakhanda. Ndi yemwe uja ankalira tikamapha mbuzi ya Khirisimasi, yemwe ankathawa phokoso la paukwati n'kukakhala yekha kumtsinje. Anthu ankamutcha wonyada, wosachezeka, ena kamkazi. Ifenso tinkaseka nawo.

Ndipo iwe ndiwe chimodzimodzi. Usakwiye, mwana wanga, ndilole ndimalize. Uli ndi zaka 6 unakana ndiwo masiku atatu chifukwa tinapha nkhuku imene unaipatsa dzina. Pamsika wa Lizulu unkatseka makutu ndi manja awiri n'kubisa nkhope m'chitenje cha amayi ako. Aphunzitsi akakalipira mwana wina m'kalasi, wobwera kunyumba m'mimba mukupweteka unali iwe. Mpaka lero alendo akachuluka umazemba n'kukajambula zithunzi zako kuseri kwa khitchini, ndipo munthu akakuyankha mokhadzula umatafuna mawuwo sabata yonse ngati nzimbe youma. Sindikunena kuti udzachita zimene anachita msuweni wako, Mulungu atalikitse. Ndikunena kuti ndikuopa, ndipo mantha amenewa ndi amene andikhazika pa tebulo pano usiku uno amayi ako atagona.

Mtima umenewu sunautole panjira. Ndi wanga. Mu 1979 nditapita ku Fomu 1 kusukulu yogonera komweko, akuluakulu a Fomu 2 ankatizunza usiku uliwonse, kutithira madzi pogona, kutiyimbitsa nyimbo titagwada pamiyala. Anzanga kukacha ankaseka n'kuiwala. Ine ndinkapita m'mabulugamu kukalira, ndipo teremu yonse yoyamba nsima sinkatsika pakhosi. Nditabwera ku holide ndinawauza agogo ako aamuna. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti mwamuna salira, fizi anagulitsira ng'ombe. Sindinawauzenso kanthu mpaka tsiku limene tinawaika. Masiku amenewo, nthawi ya Kamuzu, dziko lonse linali lozolowera kumeza mawu, ndiye zanga zinangolowa momwemo. Sindikuwaimba mlandu agogo ako, anandipatsa chimene nawonso anapatsidwa. Chimene chimandipweteka n'choti mawu omwewo ndinawasunga zaka zoposa 40 n'kukawapereka kwa msuweni wako pafoni, ndili ndi khasu m'manja.

Tsopano ndikuuze chimene chingakudabwitse. Maliro atatha ndinakhala miyezi itatu osagona. Ndikangotseka maso ndinkamva "Amalume, ndatopa." BP inakwera, ndiye amayi ako anandikokera kuchipatala cha paboma. Namwino atandiyeza anandifunsa ngati pali chimene chikundisowetsa mtendere. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangoyamba kugwetsa misozi pabenchi pomwepo, munthu wa imvi. Ananditumiza kuchipinda china kwa mayi wopereka uphungu. Ine ndinkadziwa kuti uphungu ndi wa anthu okayezetsa magazi basi. Komanso mayiyo anali wamng'ono, msinkhu wa mchemwali wako wamkulu. Ndinati mumtima, ine mkulu wa mpingo, ankhoswe a maukwati osawerengeka, ndikakhale pansi kuti andilangize mwana?

Sanandilangize n'komwe. Anayamba ndi kundiuza kuti zonse zimene tikambirane zithera m'chipinda momwemo, pokhapokha ataona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pachiswe. Kenako anandifunsa funso limodzi n'kukhala chete. Sanandidule, sanandilalikire, sananene kuti ena akuvutika kuposa ine. Ndinayankhula pafupifupi ola lathunthu, zinthu zina zimene ndinali ndisanazitulutsepo chichokereni m'mabulugamu muja. Ndinapitako kasanu. Mankhwala a tulo sanandipatse. Anati akadaona kuti pakufunika mankhwala akananditumiza kwa dokotala woona za matenda a maganizo, chifukwa imeneyo ndi ntchito ina. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga usiku, ndipo anandiuza ndimulembere kalata msuweni wako ngakhale sadzaiwerenga. Ndinaona ngati zachibwana. Ndinalemba masamba 6, ndipo usiku umenewo ndinagona mpaka atambala.

Ulendo wachitatu ndinamuuza za iwe. Ndinafunsa ngati mwana wotere ali ndi matenda. Anati ayi: pali anthu amene amabadwa akumva zinthu mozama kuposa anzawo, phokoso limawatopetsa msanga, chisoni cha ena chimawalowa ngati chawo, ndipo amafuna nthawi yokhala okha kuti mphamvu zibwerere. Pamene ankayankhula ine ndinakumbukira ana amanzere. Ndikuyamba uphunzitsi tinkawamenya ndi rula pa zala kuti azilemba ndi dzanja lamanja, ndipo ena ankathawa sukulu chifukwa cha chimenecho. Dzanja lawo linalibe vuto. Chinkawathawitsa ndi rula. Mayi uja anati chimene chimadwalitsa munthu wamtima ngati wako ndi kukhala zaka ndi zaka akuuzidwa kuti ndi wolakwika, mpaka iye mwini kukhulupirira, n'kuleka kuuza aliyense zamumtima.

Ndiye tamvera bwino pano, chifukwa ndi pamene pagona kalata yonseyi. Kufuna kukhala wekha madzulo ena si vuto. Kusakonda madansi si vuto. Koma ukaona kuti patha masabata awiri tulo sitikubwera kapena ukungogona osafuna kudzuka, chakudya sichikukoma, pensulo yako yojambulira sukuikhudzanso, m'kalasi sukupita, ukudziona ngati katundu wolemetsa anthu, usadikire kuti zidzatha zokha. Ndipo ganizo loti bola kufa likangokufikira, ngakhale kamodzi, tsiku lomwelo uuze munthu. Usayembekezere kuti kuche. Mnzako wa m'chipinda akakuuza mawu ngati amene ndinauzidwa ine, usachite zimene ndinachita. Umufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Ine ndinkaopa kuti funso limenelo limamupatsa munthu nzeru yoipa. Mayi uja anandiuza kuti si choncho, kawirikawiri munthuyo amapepukidwa kuti wapezeka womufunsa. Ukatero usamusiye yekha, umuperekeze kuchipatala.

Ndikudziwa chimene chikukuseketsa. Kwathu kuno munthu akati wapita ku Zomba anthu amafunsa kuti kundende, ku Mental kapena ku Chanco? Dzina la chipatala chimenecho talisandutsa chotukwanira, n'chifukwa chake anyamata amalolera kufa ndi zamumtima kusiyana n'kuti awaone akulowera mbali imeneyo. Komatu ndi chipatala ngati china chilichonse, ndipo anthu ambiri olandira uphungu sagonekedwa n'komwe. Amakambirana n'kubwerera kwawo monga ndinkachitira ine. Sabata yoyamba yomweyi, usanavutike n'komwe, upite ku ofesi yoona za ophunzira ukafunse kumene ophunzira amapezera uphungu, uone chitseko chake ndi maso ako. A YONECO likulu lawo lili ku Zomba komweko, ndipo ali ndi manambala a foni oimba ulere. Amayi ako akulembera mkati mwa chikuto cha Baibulo lako. Ukadzapezeka ku Blantyre, ku Queens kuli kiliniki ya zamaganizo. Ku Lilongwe kuli ku Bwaila, komanso a St John of God, amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu ndipo kumeneko ali ndi koleji yophunzitsa anthu opereka uphungu. Msuweni wako ankakhala mumzinda womwewo muli malo awiri amenewa. Ine sindinkadziwa, ndipo sindikukhulupirira kuti iye ankadziwa.

Woyamba kukumana naye akapanda kukukomera, kaya akukudula mawu kaya akukuweruza, usanene kuti uphungu ndi wachabe. Ufunefune wina. Kupemphera usasiye, ndiwe mwana wa m'nyumba ya mapemphero. Koma wina akakuuza kuti chisoni chako ndi ziwanda, ungosala kudya masiku 7 zitha, ukumbukire kuti pakhomo pano malungo akabwera timagwada, tikadzuka timamwa LA.

Ndinamva pawailesi za dokotala wina wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda. Wodwala wake wina anadzipha chifukwa banja linasowa ndalama ya basi yomubweretsera kuchipatala ku Harare. Zitamupweteka, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pamabenchi panja pa makiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ntchito imene amaitcha Friendship Bench. Achishona vutoli amalitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri kumene timanena ife. Nkhani ya ndalama ya basiyo inandikhala pamtima. N'chifukwa chake m'envulopu yaing'ono imene ili m'thumba la jekete yako ndaikamo K40,000. Si ya sopo, si ya mabando. Ndi yokwerera basi kubwera kuno, kapena kupita kulikonse kumene ungapeze thandizo, tsiku limene zinthu zakulemera. Ukaigwiritsa ntchito sindidzakufunsa chifukwa.

Zina zonse ukuzidziwa kale. Mowa suchotsa nkhawa, umangozisungira mawa. Zobetcha za pafoni usayambe n'komwe. Atsikana uwalemekeze ngati alongo ako. Uzitseka sutikesi. Uzidya, iwe, chifukwa ukakhumudwa chinthu choyamba kusiya ndi nsima, ndipo ku Zomba kumazizira usiku, juzi ija amayi ako anakuluka usaichitire manyazi.

Kuno nkhumba yaikazi ija ikuyembekezeka kuswa mwezi wamawa, kachewere tagulitsa matumba 12 pamtengo wosakondweretsa, feteleza sitinagulebe, mwendo wa agogo ako aakazi ukadali wotupa koma akukana ndodo. Mchemwali wako akuti adzakuyendera akalandira malipiro. Azakhali ako anabwera dzulo ndi nkhuku yoti tikuphere. Sanathe kukutsanzika bwino, unaona wekha. Atatuluka panja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, uyu yekha mumusamale." Sakudziwa za foni ija. Tsiku lina ndidzawauza, mphamvu zake sindinazipezebe.

Ndimakunyadira, ngakhale sindinakuuzepo ndi pakamwa. Chithunzi cha agogo ako chimene unajambula ndi makala chili m'chikwama changa cha mabuku a mpingo, ndipo ndaonetsa anthu ambiri kuposa mmene ungaganizire. Pamene unali wamng'ono ndinkakukalipira kuti ukulira chiyani, ndinkakukankhira ku mpira umene sunkaufuna, ndinkakuyerekeza ndi ana a eni ake. Undikhululukire. Ndinkaganiza kuti ndikukulimbitsa.

Chonde mwana wanga, uziimba. Lamulungu lililonse madzulo ndizikhala ndi foni m'thumba, kudimba sindipita. Usamangoti "ndili bwino" kuti undisangalatse. Ukatopa unene kuti watopa, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzakuuza kuti ulimbe mtima. Ukalephera mayeso ubwere, ukafuna kusiya sukulu ubwere tidzakambirane, palibe digiri imene ndingasinthanitse ndi iwe. Ngati ukuona kuti ine sungandiuze, uuze amayi ako, uuze mchemwali wako, uuze mlendo wa mu ofesi amene sadzatiuza ife. Ngati mayunitsi akuthera ungoflasha, kaya ndi 2 koloko usiku, ndidzaimba ine ndipo sindidzadula mpaka iwe utamaliza. Ndakupempha, usandibisire.

Ndine bambo ako.