Buluku la m'thengo limadziwika likatha

Ntchito yanga ndi yautelala. Ndimasokera pakhonde la sitolo ina pa Chongwe, m'mbali mwa msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka. Monga telala aliyense wa pakhonde, ndimasoka chilichonse chimene chabwera: mayunifolomu a ana a sukulu mu Januwale, madiresi a amayi a kumpingo, ndi zovala za anthu opita ku Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli a mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Koma chimene anthu amandidziwira ndi mabuluku a m'thengo. Amene amawafuna ndi anthu oti dzuwa limawalowera ali m'minga: oweta ng'ombe, ofula njuchi, owotcha makala, alonda a m'mafamu, ndiponso anyamata ogwira ntchito m'misasa ya alendo kumunsi uko, kumene mtsinje wa Chongwe umathira mu Zambezi m'malire a paki ya Lower Zambezi.

Luso ndinalitola kwa amalume. Iwo ankasoka maovolosi ndi makaki nthawi imene nsalu inkachokera m'dziko mommuno, ku fakitale ya Kafue Textiles ndi ya Mulungushi ku Kabwe. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, salaula, ija ya zovala zovalidwa kale, inasefukira m'misika, mafakitale aja n'kuyamba kufooka, mpaka ya ku Kabwe inaima mu 2007. Matelala ambiri anasiya kudula mabuluku atsopano n'kutsala ndi ntchito yochepetsa ndi kufupikitsa za m'mabelo. Amalume sanaone ntchito imeneyi ngati yonyozeka. Ankati chovala chatsopano sichiphunzitsa telala kanthu, chakutha ndicho chimaulula zonse. Ankayala buluku long'ambika pathebulo n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, tandiuza, mwini wakeyu amagwira ntchito yanji?"

Funsoli lili ndi yankho lake, ndipo lero ndimayankha ndisanamuone munthuyo. Wamakala amene amapalasa njinga kupita ku Lusaka, buluku lake limapyapyala pamatako ndi m'kati mwa ntchafu, mwendo wakumanja umakhala wodyedwa ndi tcheni, ndipo kutsogolo kumakhala timabowo ta moto wothetheka pauvuni. La woweta ng'ombe limatha kuyambira m'mabondo kutsika, chifukwa mame a m'mawa amafewetsa nsalu kenaka minga ya mthethe ndi kankhande n'kumalizitsa. La wofula njuchi limaphulika pakati pa miyendo pokwera mtengo. La wotsogolera alendo limaduka tizingwe todutsamo lamba, poti m'chiuno mwake mumalendewera mpeni, wailesi ndi botolo la madzi, ndipo bondo limodzi limatha msanga chifukwa chogwada powerenga mapazi a nyama. Ntchito ndi zosiyana, koma malo ofera buluku ndi omwewo: pakati pa miyendo, m'mabondo, pakamwa pa matumba, pazipi ndi kumpendero. Nsalu ina yonseyo imakhala ikadali ndi moyo. Choncho kulimba kwa buluku kumayambira pa malo asanu amenewa, komanso pa kulisoka mwa njira yoti likadzatha lidzatheke kukonzedwa.

Nsalu ndimakagula ku Kamwala mu Lusaka, ndipo sindidalira mawu a wogulitsa. Ndimaikweza padzuwa: ikamaonetsa kuwala kwambiri, ndiye kuti ulusi wake ndi wotalikirana ndipo munga udzalowa mosavuta. Ndimaikanda ndi chikhadabo kuti ndione ngati ulusi ukusuntha. Ndimanyowetsa kangodya n'kukatikita, chifukwa nsalu zina zimaoneka zochindikala chifukwa cha sitachi, koma zikangolowa m'madzi kamodzi zimasanduka zolobodoka. Imene ndimakonda ndi kaki yolukidwa ndi mizere yopendekeka, ija ya maovolosi, yolemera magalamu 250 mpaka 300 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Yopepuka kuposa apo siipirira minga, yolemera kuposa apo munthu sangayende nayo mu Okutobala, pamene kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40.

Nsalu iliyonse ili ndi khalidwe lake. Thonje lokhalokha limapitisa mphepo ndipo limamwa thukuta, komanso moto ukathethekera limangopsa kabowo kakang'ono. Vuto lake ndi loti likanyowa limalemera ndipo limachedwa kuuma. Yosakaniza poliyesita ndi thonje imauma msanga ndipo imapirira kukhuzika. Ngakhale kampani ya ku Sweden ya Fjällräven, imene mabuluku ake amatchuka pakati pa okwera mapiri, imagwiritsa ntchito nsalu ya magawo 65 a poliyesita ndi 35 a thonje pa 100 alionse, n'kumaipaka phula kuti isalowe madzi. Kwathu kuno phula limatseka mphepo, munthu n'kuphika ndi thukuta, motero ndimauza oweta ng'ombe kuti azipaka phula la njuchi kumunsi kwa miyendo kokha, m'nyengo ya mame. Nayiloni ndi yopepuka, koma wamakala sindingamusokere, chifukwa ikakhudzana ndi moto imasungunuka n'kumata pakhungu. Wotsogolera alendo nayenso saifuna, poti imalira kwasakwasa poyenda, nyama n'kuthawa alendo asanazione. Palinso ripstop, ija yokhala ndi timabokosi ta ulusi wochindikala. Siiletsa munga kuboola, koma imaletsa chibowocho kuthamanga mpaka kumpendero.

Mtundu nawo si nkhani ya kukongola. Kuchigwa kuli kashembe, ndipo ntchentche imeneyi imakopeka ndi mtundu wakuda ndi wabuluu, n'chifukwa chake misampha yake amaipanga ndi nsalu za mitundu iwiriyi. Mnyamata wotsika phiri atavala jinzi amakhala wadziitanira yekha kulumidwa. Kuyambira nthawi ya Norman Carr, amene anayambitsa zoyenda pansi ndi alendo m'chigwa cha Luangwa, anthu a ntchitoyi amavala kaki, mtundu wa dothi kapena wobiriwira mozimiririka. Choyera chimaoneka patali ndipo chimada tsiku lomwelo. Nsalu ya mawangamawanga ya asilikali ndimaikana ngakhale munthu abwere nayo yekha, chifukwa malamulo a dziko lino salola munthu wamba kuivala.

Ndisanadule, nsalu imagona m'madzi usiku wonse, kenaka ndimaiyanika ndi kuisita. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo ndi bwino libwerere lisanakhale buluku. Poyeza munthu sindikhutira ndi kumuimika chilili ngati wopita kuukwati. Ndimamuuza anyonyomale ngati akukoleza moto, akweze phazi pampando ngati akukwera mwala, agwade ndi bondo limodzi. Achinyamata amakonda kunena kuti, "Ba telala, mulipanitse pang'ono kuti lizioneka bwino." Ndimawayankha kuti lothina ndi la ku tauni. Msoko umene ukukokedwa pa sitepe iliyonse umaduka, ngakhale ulusi wake ukhale wabwino chotani. Ndimasiya mpata pantchafu ndi pabondo, ndipo kumbuyo ndimakweza chiuno kuti munthu akawerama msana usakhale pamtunda.

Pakati pa miyendo ndi pamene pamagona luso lonse. Pa buluku wamba, misoko inayi imakumana pa malo amodzi, ndipo munthu akatambasula miyendo mphamvu yonse imathera pamfundo imeneyo. Ine ndimaikapo kansalu ka ngodya zinayi, kotalika molowera m'ntchafu, kuti misoko ija isakumane ndipo kukoka kugawikane. Kansaluka kamadya nthawi, ndiye chifukwa chake mabuluku otchipa sakhala nako, koma kakatha kamachoka kokha n'kulowetsapo kena, buluku lonse osaphwasulidwa.

Misoko ya m'mbali ndi ya kumbuyo ndimaipinda, mbali ina kukumbatira inzake, n'kudutsapo mizere iwiri, monga imakhalira pa jinzi yabwino. Msoko wotere susiya m'mphepete mongodulidwa moti n'kuyamba kuyoyoka, ndipo mzere umodzi ukaduka winawo umagwirabe. Ulusi ndimagwiritsa wa poliyesita wochindikala, chifukwa wa thonje umaola ndi thukuta. Singano ndi ya nambala 16 kapena 18. Pobaya sindithinitsa kwambiri: mamilimita atatu pakati pa kubaya ndi kubaya ndi okwanira. Ukathinitsa mopitirira, singano imaboola nsalu motsatizana ndipo imadzang'ambika motsata mzere womwewo.

M'mabondo ndi pamatako ndimaika nsalu ziwiri kuyambira tsiku loyamba. Yapamwambayo ndiyo imakumana ndi miyala ndi ziputu za pa lupsa, ndipo ikabooka ndimaisomola n'kuika ina, yapansi ikadali yamphumphu. Pakamwa pa matumba ndi pa tizingwe ta lamba ndimabwereza ulusi kutsogolo ndi kumbuyo mpaka pakhale kamfundo kolimba. Vuto la matumba ong'ambikali ndi lakale. Telala wina wa ku Reno m'dziko la America, Jacob Davis, ndiye anayamba kukhomera timisomali ta mkuwa m'ngodya za matumba, ndipo iye ndi Levi Strauss analandira chikalata cha umwini wa lusoli mu 1873. Timisomali timene timapezeka m'misika yathu nthawi zambiri ndi tachitsulo chopakidwa utoto, timachita dzimbiri n'kudya nsalu, motero ine ndimadalira ulusi.

Matumba sindichulukitsa. Awiri a m'mbali akuya, limodzi la kumbuyo, ndi limodzi la pantchafu lokhala ndi chivindikiro, basi. Thumba lililonse lotuluka kunja ndi pokolera munga, ndipo lodzaza zinthu limamenya bondo ulendo wonse. M'kati mwa thumba ndimaika nsalu yomweyo ya buluku, osati kansalu kopyapyala koyera kamene kamabooka ndi makiyi. Kutsogolo, amene amakhala miyezi kuthengo ndimawalangiza mabatani. Zipi ikalowa mchenga n'kuthyoka mano imafuna telala, pamene batani munthu amalisokerera yekha pamsasa. Wofuna zipi ndimamuikira yachitsulo ya YKK ndikaipeza yeniyeni. Kumpendero ndimalowetsa kachingwe komangira pamwamba pa nsapato, kuti nkhupakupa, njere za udzu wobaya ndi ubweya wa chitedze zisakwere m'miyendo.

Zonsezi ndimasokera pa makina opalasa ndi phazi, a mutu wachitsulo, amene anali a amalume. Amabaya nsalu zochindikala zisanu ndi chimodzi zosanjikizana ukamawathandiza ndi dzanja pagudumu. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, anzanga a makina a magetsi ankadzuka pakati pa usiku kudikira kuti ayake. Ine ntchito inkayenda masana monga mwa nthawi zonse, ndi simbi yanga ya makala pambali.

Mvula ikayamba mu Novembala, misasa yambiri ya ku Lower Zambezi imatseka chifukwa misewu siipitika, ndipo anyamata amakwera kubwerera kwawo ndi zikwama za zovala zotopa. Imeneyo ndiyo nyengo yanga yoona ntchito ya manja anga. Pamenepo ndimaonanso kuti theka la moyo wa buluku lili m'manja mwa mwini wake. Ena amalimenyetsa pamwala pochapa, mabatani n'kusweka, ulusi n'kutha. Ena amalisiya pachingwe masiku angapo, dzuwa n'kuliwotcha mpaka nsalu kumang'ambika ndi chala. Ena amalivala sabata yathunthu osachapa, osadziwa kuti mchere wa thukuta ndi mchenga wolowa mu nsalu zimadula ulusi pang'onopang'ono. Langizo langa ndi loti azichapa ndi sopo wamtanda, atalitembenuza, azitsukuluza bwino, aziyanika pamthunzi, ndipo azisita ndi simbi yotentha. Kusitako si kudzikongoletsa ayi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu ngati simbi sinadutsepo.

Chigamba chili ndi nthawi yake. Malo akangoyamba kupyapyala, ndimaika nsalu kunsi kwake n'kuyendetsapo mizere yambiri, ndipo amabwerera mwakale. Koma ambiri amadikira mpaka bondo litatulukira, m'mphepete monse mutayoyoka, pamene palibenso pogwira singano. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndiponso chigamba chiyenera kufanana mphamvu ndi buluku. Nsalu yatsopano yolimba ukaisokera pa yakale yofooka, imakoka n'kung'amba m'mbali mwake. N'chifukwa chake ndimasunga miyendo ya mabuluku akale ndi zidutswa zochapidwa kale. Munthu aliyense amene ndamusokera buluku latsopano ndimamupatsanso kachidutswa ka nsalu yomweyo kuti azikachapira limodzi, kuti tsiku la chigamba mtundu udzafanane.

Sindinyoza salaula. Ku msika wa Soweto mu Lusaka mumapezeka mabuluku a ntchito ochokera ku Ulaya amene nsalu yake ndi yabwino kuposa ina imene ndimagula pa mita, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wanga. Koma mumapezekanso ambiri okhala ndi dzina lotchuka pathumba, matumba khumi ndi zipi paliponse, amene satha nyengo imodzi. Wogula ayang'ane m'kati ngati misoko ili yopinda, akoke thumba ndi chala, aone padzuwa ngati pakati pa miyendo sipanayambe kuwala, ndipo anyonyomale nalo asanalipire. Akapeza labwino, abwere nalo lisanalowe m'thengo. Kuika mabondo achiwiri, kulimbitsa matumba ndi kulowetsa kansalu ka pakati ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo mtengo wake sufika pa wa buluku lina.

Inu amene mumadya za m'thengo, khalani ndi mabuluku awiri oti muzisinthanitsa, lina likamauma lina lili pathupi. Musadikire kuti libooke. Mukaona bondo layamba kuyera, lichapeni n'kupita nalo kwa telala wa kwanuko sabata yomweyo.