Alonda a Mitambo pa Chidikha cha Brakpan

Brakpan ndi tauni ya migodi yomwe ili kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera la Ekurhuleni. Mlendo wodzera msewu wa N17 amalandiridwa ndi milu ya mchenga wotsala pokumba golide, ntchito yomwe Amalawi ambiri adakhetsera thukuta m'masiku a Wenela. Kupatula miluyi, dziko n'lathyathyathya, lokwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero diso limauona mtambo ukadali kutali.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, m'mawa kumacha kowala bwino. Koma dzuwa likapendeka, mpweya wachinyontho wochokera ku nyanja ya Indian umakumana ndi mpweya wouma wa kuzambwe. Mitambo imatukuka ngati chulu, n'kubala ziphaliwali, matalala ndipo nthawi zina kamvuluvulu wamphamvu wotsika kumwamba, yemwe pa Chingerezi amati tornado.

Anthu a kuno amamudziwa bwino mlendo ameneyu. Pa 2 Okutobala 2011 adagwera Duduza, moyandikana ndi Tsakane, n'kupha mwana mmodzi, kuvulaza anthu oposa 100 ndi kugwetsa nyumba mazanamazana. Mu Julaye 2016 wina adasasula denga la Phumulani Mall ku Tembisa, pakati pa nyengo yozizira pomwe palibe adamuyembekezera.

Pamene ena akuthamangira m'nyumba, pali anthu ochepa omwe amaliza galimoto kulondola mitamboyo. Si akatswiri olembedwa ntchito, amangokonda zanyengo. Zida zawo ndi kamera ndi foni yoonetsa zithunzi za makina a radar, monga omwe ali ku Irene, pafupi ndi Pretoria. Amaima pambali pa mtambo, kumene mvula siikuphimba maso, n'kumayang'ana ngati tsinde lake layamba kuzungulira. Zomwe aona amazitumiza pa Facebook ndi WhatsApp.

Chizolowezichi chidakulira m'zidikha za Oklahoma ndi Kansas ku America, ndipo si masewera. Pa 31 Meyi 2013, Tim Samaras, katswiri wofufuza za mphepozi, adafa pamodzi ndi mwana wake komanso mnzawo pafupi ndi El Reno.

Nanga phindu lake n'chiyani? Radar imaona kuzungulira kwa mphepo m'mwamba, koma kawirikawiri siitsimikiza ngati kamvuluvulu wafikadi pansi. Nthawi zambiri iye amakhala mphindi zochepa n'kuwononga kamzere kopapatiza. Udindo wochenjeza dziko ndi wa South African Weather Service, koma diso la munthu woima pamalopo ndi lomwe limachitira umboni.

Apa ndi pomwe pali phunziro kwa alimi ndi alangizi a kwathu. Mvula yoyamba ya Novembala imasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka, ndipo zambiri sizilembedwa paliponse. Sipafunika galimoto yothamangitsira mitambo. Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ingasankhe munthu mmodzi wolemba tsiku, ola, mbali yomwe mphepo yadzera ndi zomwe yawononga, n'kudziwitsa ofesi ya bwanamkubwa. Kabuku kotere, pakapita zaka, kamasonyeza poyenera kubzala mitengo yotchinga mphepo ndi madenga ofunika kumangirira ndi waya mvula isanayambe.

Mtambo wakuda ukayamba kuzungulira, ana alowe m'chipinda cham'kati cha nyumba yolimba, kutali ndi mawindo ndi malata. Zojambula zidikire.