Nkhani za chikhulupiriro ndi chikondi ku Balaka ndi Machinga

Nkhani zopeka zokamba za chikhulupiriro, chikondi ndi kukhalirana pamudzi zinkafika ku Balaka ndi ku Machinga kudzera kumishoni ndi kusukulu. M'zaka za m'ma 1970, Balaka idakali pansi pa boma la Machinga, mwana wodziwa kuwerenga ankapatsidwa buku madzulo kuti awerengere makolo ndi agogo pakhonde. Buku limodzi linkayenda nyumba ndi nyumba mpaka chikuto kuthothoka.

Kholo la mabuku otere ndi Nthondo wa Samuel Josia Ntara, wa m'chaka cha 1933: mnyamata wosamva, wokonda kuba, yemwe pambuyo pake analowa ufumu n'kutembenuka mtima. Olemba ambiri anadzatsata mkwaso womwewo. Munthu achoka pamudzi, asokonekera kutauni, abwerera ali wolapa, ndipo ankhoswe ndi akulu ampingo amulandira. Popular Publications ya ku Limbe, yomwe inali m'manja mwa Akatolika, inasindikiza mabuku ambiri a Chichewa, kuphatikizapo a Willie Zingani, komanso magazini ya Moni. Nthawi imeneyo buku lililonse linkayamba ladutsa ku bungwe lounika zolembedwa, choncho kulemba za ukwati ndi kulapa kunali kosaika mlembi m'mavuto kusiyana ndi kulemba za boma.

Balaka ili ndi mbali yakeyake pankhaniyi. Makina osindikizira a ansembe a Montfort kumeneko ndiwo anasindikiza kalata ya maepiskopi yodzudzula boma yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo posakhalitsa nyumba ya makinayo inatenthedwa. Ndale za zipani zambiri zitabwera, Montfort Media inayamba kutulutsa magazini monga The Lamp ndi Together, ndipo mu 2007 kanema wa Luntha anayamba kuulutsa ali ku Balaka komweko. Koma amene anatengadi ntchito ya buku ndi oimba. Alleluya Band, yomwe Paul Banda anaiyamba pa parishi ya Balaka mu 1978, ndiponso mng'ono wake Lucius Banda, ankaika m'nyimbo zomwe kale zinkadzaza masamba: mwana wamasiye, banja losweka, mphawi wodalira Mulungu. Kaseti sinkafuna kuti munthu akhale wodziwa kuwerenga.

Kenaka kunabwera mavidiyo sho oonetsa mafilimu a ku Nigeria pamsika wa Ulongwe, Liwonde ndi Ntaja, ndipo lero nkhani zimatuluka pang'onopang'ono pa Facebook ndi WhatsApp. Owerenga amakangana ndi mlembi tsiku lomwelo, kumuuza kuti mkazi wa m'nkhaniyo asamukhululukire mwamuna wake. Chichewa chake n'chothamanga, kalembedwe nthawi zina n'kosalongosoka, koma anthu akuwerenga.

Chasintha kwambiri ndi mudzi wa m'nkhanizo. Kale mlembi ndi owerenga ankakhala m'mudzimo. Lero ambiri olemba ndi owerenga ali ku Blantyre, Lilongwe kapena Johannesburg, ndipo mudzi amaukumbuka ngati malo amtendere, osatchulanso mikangano ya minda kapena ngongole ya feteleza. Ku Amereka zoterezi zinafika pokhala malonda aakulu. Mabuku onena za a Amish, Akhristu a ku Pennsylvania, Ohio ndi Indiana amene amakwera ngolo za akavalo n'kumakana magetsi aboma m'nyumba zawo, anatchuka Beverly Lewis atatulutsa The Shunning mu 1997. Olemba ake ambiri si a Amish, ndipo ogula ambiri ndi amayi achikhristu akunja kwa gululo amene amasirira moyo wosalira zambiri.

Pali mpata umene zaka zonsezi sizinautseke. Anthu ambiri a ku Machinga ndi Ayao achisilamu, koma chikondi chomangidwa pa ukwati wachisilamu wa nikah, mwana wa kumadrasa, kapena banja la Mkhristu ndi Msilamu lokhala mpanda umodzi sizipezeka kawirikawiri m'mabuku a Chichewa. Osindikiza ambiri akale anali a mipingo, ndipo ankasankha nkhani zoyenera mipingoyo. Foni ilibe wosankha wotero, choncho alembi a ku Ntaja ndi Nsanama alibenso chowaletsa kulemba za kwawo.