Za Kusankha Tochi Yakuyenda Nayo

Mundikhululukire kuti mwezi uno ndilemba za kanthu kakang'ono kakulowa m'thumba la malaya. Ena adzati, Kodi mphunzitsi uyu wasowa nkhani, kuti ayambe kutiuza za tochi? Koma ine ndiyankha kuti kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'dziko lathu la Malawi mabanja akupitirira theka anali kuunikira nyumba zawo ndi matochi ndi nyali za mabatire, ndipo akukhala ndi magetsi anali ngati banja limodzi mwa mabanja khumi. Chinthu chimene anthu ambiri chotere atulutsira ndalama zawo chaka ndi chaka sichili chaching'ono ayi.

Ine ndiphunzitsa pa sukulu ya mishoni m'mapiri a Phoka, m'boma la Rumphi, kumene njira zili zakukwera ndi zakutsika zokhazokha, ndipo mvula ikagwa dothi literera ngati therere. Usiku wina wa mwezi wa February, zaka zinayi zapitazo, ndinamva kugogoda pa chitseko. Anali mnansi wanga, ndipo anati, "Asambizgi, tithandizeni, mwana wakomoka ndi malungo." (Pakuti kwathu kuno tilankhula Chitumbuka, ndipo mphunzitsi timutcha chotero.) Amuna anayi anamanga machila a nsungwi ndi bulangete, namugoneka mwanayo, ndipo ine anandiika patsogolo, popeza mudzi wonse unadziwa kuti aphunzitsi ali ndi tochi yoposa zonse.

Ndiyenera kuulula kuti tochi imeneyo ndinali kuinyadira. Ndinaigula pa msika masabata awiri usanafike usikuwo. Inali ya pulasitiki yofiira, yaikulu ngati chinangwa chokhwima, yakukhala ndi timaso tambirimbiri kutsogolo, ndi nyali ina m'mbali, ndi ina yofiira yakuphethira; ndipo pa katoni pake analemba nambala yaikulu yakutama kuwala kwake. Potuluka m'mudzi inawala ndithu, kotero kuti akunyamula machila anaiyamika. Koma tisanayende theka la ora kuwala kunayamba kufiira, ndipo pofika pa mtsinje, mvula ili kugwa, inaphethira katatu nizima. Ndinaimenya pa dzanja, monga tichita tonse, ndinaitsegula ndi kutembenuza mabatire, koma chabe: m'kati munali madzi. Udzu wonse unali wonyowa, sitinakhoze kuyatsa muuni. Mnyamata mmodzi anali ndi foni, moto wake uli pafupi kutha, ndipo ndi kuwala kwakeko tinaoloka, tili kufufuza miyala ndi mapazi. Pakati pa madzi mmodzi wa akunyamula anaterereka, nadzicheka msongolo pa mwala. Machila anapendekeka, ndipo kufuula kwa mayi wa mwanayo ndikumva kufikira lero. Ulendo wa ora limodzi tinauyenda maora atatu. Mwana anachira, ndipo tsopano ali m'kalasi langa. Koma bambo uja ali ndi chipsera chake, ndipo ndikachiona ndichita manyazi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine, munthu wakuphunzitsa ana mwambi umenewo, ndinagula mkuyu ndi ndalama zanga.

M'mawa mwake ndinatenga choko, ndipo ndinawerenga matochi amene ndinagula chaka chimenecho. Anali atatu, onse otsika mtengo, onse akufa. Pophatikiza mitengo yawo ndinapeza kuti ndikadagula imodzi yabwino ndi kutsala ndi ya sopo. Pomwepo ndinatsimikiza mtima kuphunzira chinthu ichi monga tinaphunzirira masamu ku sukulu ya uphunzitsi, ndiko kufunsa chifukwa cha kanthu kalikonse.

Choyamba ndinafuna kudziwa chimene chiwala m'katimo. Ife a m'boma lino sitili alendo pa nkhani ya kuunika, pakuti ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, magetsi akuchokera ku mphamvu ya madzi anayaka kale m'chaka cha 1905. Koma magetsiwo anali a pa mishoni; m'midzi makolo athu anakhala ndi muuni, pambuyo pake koloboyi wa parafini wakudetsa mphuno ndi mwaye, ndipo wakulemera anali ndi tochi yachitsulo ya babu lagalasi. M'babu limenelo munali kawaya kopyapyala kamene kanatentha kufikira kuwala. Mphamvu yambiri ya batire inathera m'kutentha, ndipo tochi ikagwa pansi kawayako kanaduka. Matochi a lero ali ndi kanthu kena, kamene atcha LED. Mulibe kawaya m'menemo. Ndi kachidutswa kolimba, kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene katulutsa kuwala magetsi akapyola m'kati mwake. Munthu wa ku America, Nick Holonyak, anapanga kofiira m'chaka cha 1962. Koma koyera sikanatheke kufikira anthu atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anapeza njira ya kupanga kobiriwira ngati thambo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. Kuwala kwa mtundu wa thamboko akakupyoletsa pa mankhwala achikasu kuoneka koyera.

Nditchula izi chifukwa zitiphunzitsa kumene tiyenera kuyang'ana pogula. Kanjere kakuwalako sikafa msanga. Kakhoza kuyaka maora zikwi zambiri. Chimene chifa ndicho switchi, ndi kasipulingi kakugwira batire, ndi chivundikiro chakulowetsa madzi. Matochi anga atatu aja onse anafa ndi maso amoyo.

Tsono za kuwala. Kuwala kwa tochi akuyesa ndi muyeso wotchedwa lumen, ndipo kandulo imodzi itulutsa ngati malumen 12. Ine ndayesa ndekha, ndipo ndapeza kuti pochonga makope a ana usiku, kapena pofuna mankhwala m'nyumba osadzutsa akugona, kuwala kwa kandulo imodzi kukwanira. Poyenda m'njira ya m'phiri malumen 50 kapena 100 aonetsa mwala ndi muzu ndi njoka bwino lomwe. Nanga zikwi zija alemba pa makatoni n'zachiyani? Zambiri zili zabodza, pakuti pepala silikana inki. Ndipo ngakhale zikadakhala zoona, kuwala kwakukulu kudya batire monga moto wa lupsa udya udzu: kuthwanima, kudabwitsa anthu, ndi kutha. Akupanga matochi okhulupirika ali ndi pangano la kayesedwe, limene anagwirizana ku America m'chaka cha 2009, lotchedwa FL1. Ndipo monga mwa pangano limenelo maora amene alemba pa katoni awerengedwa kufikira kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi la magawo khumi. Chotero ngakhale wonena zoona akalemba maora asanu, musayese kuti ora lachisanu lidzawala ngati loyamba. Chifukwa chake ine nditi, funani tochi yakukhoza kuchepetsa kuwala, yakukhala ndi masitepe awiri kapena atatu, ndipo funsani maora ake pa sitepe yapansi, pakuti pamenepo ndipo mudzakhalitsa. Koma ija ya masitepe asanu ndi awiri, imene muyenera kupyola kuphethira ndi kung'anima musanaizime, ndi choseweretsa ana. Nonse mudziwa fanizo la anamwali amene anatenga nyali osatenga mafuta. Sindilalikira pano, ndingoti usiku uja pa mtsinje ndinadziwa gulu limene ndinali.

Funso lakuvuta koposa lili la batire, ndipo pano ndinakangana ndi mwana wanga wamkulu, amene aphunzira ku Mzuzu. Iye anati, "Adada, gulani yotchaja, mabatire akugula ndi kutaya ndalama." Ananena zoona ndithu kwa munthu wakukhala ndi magetsi kapena sola pa denga. Batire yotchaja ya lithium, monga ija atcha 18650 chifukwa ili mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, isunga mphamvu yoposa mabatire ang'ono atatu, ndipo itchajidwa kambirimbiri. Koma ndinamufunsa zinthu ziwiri. Ndinati, Kodi m'mwezi wa February, mitambo ikakuta mapiri athu masiku anayi, sola yathu yaing'ono idzayamba kudyetsa chiyani, foni kapena tochi? Ndipo ndikatumidwa ku msonkhano kunyanja, ku Tcharo, kumene munthu afika pa boti kapena pa mapazi, moto ukatha ndidzatani? Batire wamba ya AA muipeza m'kagolosale kalikonse, ndipo yapadera ilowa m'thumba pamodzi ndi machesi. Iye sanagonje, inenso sindinagonje. Koma pa chinthu chimodzi tinamvana, ndicho chakuti tochi imene batire yake anaimatira m'kati, yosatuluka, ili ndi tsiku lake la imfa lolembedwa kale, pakuti batire iliyonse ikalamba, ndipo ikakalamba mutaya tochi yonse. Anandichenjezanso kuti mabatire a 18650 enieni, ngakhale amphamvu koposa, asunga ngati 3,500 mAh kapena kupitirira pang'ono. Mukaona yolembedwa 9,900, dziwani kuti mwini wake wayamba kunama musanamupatse moni.

Mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa cha ana. Batire yakutha musaiponye pa moto, ndipo musapatse mwana kuti aiswe. Ya lithium ikatupa kapena kutentha potchaja, ichotseni m'nyumba ya udzu msanga. Ndipo tochi ikakhala masabata osagwira ntchito, tulutsani mabatire ake, pakuti akakhalitsa achucha madzi akudya chitsulo. Matochi ambiri a m'midzi mwathu afera m'sutikesi, osati m'njira.

Pa tchuthi cha mwezi wa August ndinapita ku Mzuzu, ndipo ndinalowa m'sitolo ya zamagetsi. Mwini sitolo ananditulutsira yaikulu yonyezimira, nati, "Bambo aphunzitsi, iyi iunika kufika kutsidya la dambo." Ndinati, "Achimwene, kutsidya la dambo ndilibe mlandu; ndifuna kuona pamene ndiponda." Anaseka, natulutsa kena pansi pa kauntala. Kanali kakuda, ka chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, kotalika ngati chala changa chapakati ndi theka, ka diso limodzi ndi batire imodzi ya AA. Ndinakatsegula kumbuyo, ndipo ndinaona kamphira kozungulira pa mazinga, kamene katsekereza madzi. Ndinaona kuti kasipulingi kali kolimba. Ndinakayatsa ndi kukagwedeza ndi kukagogoda pa chikhatho, ndipo kuwala sikunaphethire. Switchi ndinaidina makumi awiri, mwini sitolo ali kundiyang'ana ngati wamisala. Pa katoni panali zilembo IPX7, ndiko kunena kuti kayenera kupirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IPX4 ikadatanthauza kupirira kuwazidwa madzi kokha. Popeza ndinaphunzira kale kuti katoni sachita manyazi, ndinapempha kapu ya madzi, ndipo ndinati, Kakatuluka kamoyo ndilipira. Anakayika pang'ono, navomera. Kanawala m'kapumo ngati nsomba ya m'nyanja.

Mtengo wake unali wa nkhuku ziwiri zazikulu, ndipo pofika kunyumba amayi a ana anakatembenuza m'dzanja, nati, "Abambo, ndalama zonse zija mwagula chala?" Sindinayankhe, pakuti mlandu wa tochi yofiira unali usanaiwalike. Koma iwo omwe ndiwo anakamangira chingwe cha nsalu, kuti ndikakoloweke pa dzanja pooloka madzi, ndipo iwo omwe ndiwo akabwereka kawirikawiri kuposa ine: popita ku maliro usiku, poyang'ana m'khola agalu akauwa, podzuka m'bandakucha nyengo ya kuthyola khofi. Sindinena kuti kalibe chilema. Pa sitepe yapamwamba batire siifika maora awiri. Ndipo chifukwa cha kuchepa kwake katayika kawiri, kamodzi m'thumba la chimanga, kumene kanagona masiku asanu ndi limodzi. Munthu wakulondera munda wa fodya ku chigwa cha Henga, kapena msodzi wa ku Chitimba, afunika yaikulu ndithu, ndipo sindimuletsa. Koma kwa mphunzitsi, kwa mkulu wa mpingo wakuyendera odwala, kwa mayi wakuperekeza mnzake ku chipatala, tochi yaikulu ili ndi vuto lina limene sitiliganizira pogula: itsala pa tebulo tsiku lomwelo limene dzuwa litilowera m'njira.

Tsopano kakhala ndi ine mvula zitatu. Utoto wake wasupuka m'mbali, ndipo kamphira kaja ndikadzoza mafuta pang'ono kamodzi pa chaka kuti kasaume. Mwezi wa November wapitawu, pobwera ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndinali kutsika ndi bambo uja wa chipsera, iye patsogolo, ine pambuyo ndili kumuunikira ku mapazi pa sitepe yapakati. Ndinamugwira phewa, ndipo anaima. Mphiri inagona pakati pa njira, pa dothi lofunda, mapazi atatu kuchokera pamene anaima, yosasuntha monga mwa khalidwe lake. Tinailambalala m'udzu, ndipo tinayenda kanthawi osalankhula. Pofika pa mphambano anandifunsa dzina la sitolo ija, ndi mtengo wake, nawerenga pa zala miyezi yotsala kuti alandire ndalama za khofi.