Ulendo wa Anthu Ochepa ku Zilumba za ku Chembe

Ife a kumtunda, kwa Njewa, ku Mpingu, ku Namitete ndi ku Nsaru, Nyanja ya Malaŵi timaidziwira pamsika. Usipa ndi utaka zimatipeza zitauma kale m'madengu, ndipo ambiri mwa ife timakalamba osawaona madzi amene nsombazo zachokera. Inu abale athu a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota mumalandira alendo chaka ndi chaka, ena ochokera kunja, ena a m'dziko momwe muno. Nkhani ino ndi ya ulendo umene tinayenda anthu 8 m'mwezi wa Okotobala 2023 kupita ku zilumba za ku Chembe. Tailemba kuti eni nyanja mumve m'mene mlendo amaonera kwanu, ndiponso zimene muyenera kumuuza asanakwere bwato.

Chiwerengero cha anthu 8 tinachita kusankha dala. Gulu lotere limakwana m'boti limodzi, mtsogoleri mmodzi amatha kuona aliyense pamadzi, ndipo nyumba yaing'ono yogona alendo imatha kulilandira. Anthu akadzaza basi, palibe mayi wa m'mudzi amene angawaphikire, kotero chakudya amachita kunyamula kuchokera m'tauni ndipo mudzi umangotsala ndi zinyalala. Tisananyamuke tinasonkha ndalama m'thumba limodzi, n'kusankha msungichuma, ndipo tinagwirizana mfundo zitatu: kugula zonse zimene zingapezeke ku Chembe komweko, kumvera mtsogoleri pamadzi popanda mtsutso, ndi kubwerera kumtunda ndi chinyalala chilichonse chimene sichiwola.

Tinachoka kwa Njewa m'bandakucha pamsewu wa ku Mchinji, n'kudutsa mu mzinda wa Lilongwe kulowera ku Dedza. Titapitirira Dedza tinatsika chitunda chokhotakhota cha ku Golomoti, pamene munthu amamva mphepo yozizira ikutha ndipo kutentha kwa kunyanja kukumulonjera. Pafupi ndi Monkey Bay tinakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini zimene agogo athu ankatema kumaso. Mizereyo sinalembedwe ndi munthu, ndi mvula ndi dzuwa la zaka zosawerengeka.

Dzina loti Cape Maclear analipereka David Livingstone mu 1861 pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, anafika ndi sitima ya Ilala n'kumanga pamenepa ataloledwa ndi Mfumu Mponda. Malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo manda a anzawo ena akadalipo kufikira lero. Koma kwa eni ake, mudziwu ndi Chembe basi, mudzi wa asodzi umene uli m'kati mwa paki.

Paki imeneyi, Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Mwini pakiyi si njovu kapena mkango ayi, koma kansomba kakang'ono kotchedwa mbuna. Lamulo limateteza madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake, ndipo m'menemo simuloledwa kuponya ukonde. Tinalipira ndalama yolowera n'kutenga risiti, ndipo tikulangiza aliyense kutero, chifukwa ndalama yopanda risiti sidziwika kumene yapita.

Tsiku lachiwiri tinapalasa timabwato ta pulasitiki totchedwa kayaki, anthu awiriawiri, kupita ku chilumba cha Thumbi chimene chayang'anizana ndi mudzi. Mtsogoleri wathu anali mnyamata wobadwira ku Chembe, ndipo asanatipatse nkhafi anayamba wationa mmodzimmodzi ngati tamanga bwino jekete yoyandamitsa. Bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu anati, "Achimwene, ine ndinakulira kusambira mu mtsinje wa Namitete, jeketeyi mupatse amayiwa." Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kuno ndi kunyanja. Mukapanda kuvala, tonse tikhala pagombe." Bambowo anavala. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kumaomba mwera, umene umautsa mafunde mwadzidzidzi, n'chifukwa chake tinasankha Okotobala. Ngakhale zinali choncho, tinkanyamuka m'mamawa ndi kubwerera dzuwa lisanapendeke, ndipo boti la injini linkatitsatira pambuyo.

Pa Thumbi tinavala magalasi oonera pansi pa madzi. Zimene tinaona sitinaziyembekezere: nsomba zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zikudya ndere pamiyala ngati mbuzi pa msipu. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakula ndithu. Nsombazi siziyenda mtunda wautali pamchenga kapena pamadzi akuya, kotero mitundu yambiri imapezeka pa chilumba chimodzi kapena pa mulu umodzi wa miyala basi. Ikatha pamenepo, yatha pa dziko lonse. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yozunguliridwa ndi mtunda, ndipo gawo lalikulu la chuma chimenechi ndi mbuna zomwezi.

Alendo ena amaponya buledi m'madzi kuti nsomba zisonkhane ajambule chithunzi. Mtsogoleri wathu anatiletsa, nati nsomba yozolowera buledi imasiya ntchito yake pamiyala ndipo imayamba kutsata anthu. Anatiletsanso kutola zigoba ndi kuthyola nthambi. Nkhwazi tinaziona zili phee pamitengo, ndipo imodzi inatsika n'kugwira yokha nsomba ife osaiponyera kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachitatu linali lolemetsa mikono. Tinapalasa kukafika ku Domwe, chilumba chachikulu chopanda mudzi, chimene chinalekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Tinakwera phiri lake pang'onopang'ono, aliyense ndi botolo la madzi, wamphamvu akudikira wofooka. Pamwamba tinaona chilumba cha Mumbo, chimene chili makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Chembe. Chakudya chathu chinali mpunga ndi kampango zophikidwa m'mudzi, zonyamulira m'mapoto. Moto sitinakoleze pachilumba, popeza mu Okotobala udzu umakhala wouma ndipo kamoto kamodzi kakhoza kupsereza chilumba chonse.

Funso limene linatitsata masiku onse ndi lakuti: kodi ndalama ya mlendo imathera m'manja mwa yani? Ife tinagona kunyumba ya alendo ya munthu wa m'mudzimo. Nsomba tinagula kwa asodzi pagombe, tomato ndi masamba kwa amayi a pamsika, ndipo mtsogoleri tinapangana naye mtengo poyera tisanakwere bwato, n'kumulipira m'manja mwake. Chambo chaching'ono tinachikana ngakhale chinali chotchipa, chifukwa wogula chambo chosakhwima ndiye amatuma msodzi kukachigwiranso mawa. Ana amene ankatitsatira kupempha ndalama ndi masiwiti sitinawapatse. Mwana akapeza ndalama pagombe nthawi ya sukulu, mawa sapita m'kalasi. Makope ndi mapensulo amene tinanyamula tinakapereka kwa aphunzitsi. Sitinajambule munthu osamupempha, ndipo pochoka m'madzi amayi ankamanga chitenje, abambo n'kuvala malaya, tisanalowe m'mudzi momwe muli nyumba zopemphereramo ndi makolo a eni ake.

Nkhani yotere si ya kuno kokha. Ku Cuba, chilumba chachikulu cha ku nyanja ya Caribbean kumene amalankhula Chisipanishi, chuma chinagwa dziko la Soviet Union litatha mu 1991, ndipo boma linatembenukira ku ntchito yokopa alendo. Mu 1997 linalola mabanja kugoneka alendo m'nyumba zawo molipiritsa. M'chigwa cha Viñales, chimene UNESCO inachizindikira mu 1999, timagulu ta alendo timagona m'makomo a anthu, kudya chakudya cha pakhomopo ndi kuyendera alimi a fodya m'minda ndi m'zigafa zawo. Ife a kwa Njewa, alimi a fodya, tinamva kukoma pomva kuti chigafa chikhoza kukhala malo oti mlendo alipire kuti aone. Phunziro lake ndi lakuti gulu likachepa, ndalama imatha kulowa m'khomo la munthu wamba.

Pa kasamalidwe ka chilumba sitifunika kupita kutali. Ku Salima, chilumba cha Mbenji chakhala chikutsekedwa m'nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira, kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa kapena juga. Lamulo limeneli silinachokere kunja, analikhazikitsa ndi eni ake. Ife kwathu tili ndi chitsanzo chowawa: nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, inadulidwa ndi owotcha makala mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali. Tikudziwa m'mene chinthu cha tonse chimathera aliyense akamati pang'ono pokha.

Za umoyo nazo tisabise. M'madzi osaya a pafupi ndi midzi muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo akatswiri anapeza kuti nkhonozi zinachuluka ku Chembe pamene nsomba zozidya zinachepa chifukwa cha kusodza kopitirira muyeso. Mlendo amene wasambira ayenera kukaonana ndi achipatala patapita milungu ingapo, ndipo mankhwala a praziquantel amachiza. Ife tonse tinatero. Kubisira mlendo zimenezi poopa kuti athawa n'kudziwonongera malonda, chifukwa akadwala kwawo amauza anzake khumi.

Kwa inu amene muli ndi bwato, chipinda chapadera kapena mnyamata wodziwa nyanja, tikuti musaope kumuikira mlendo malamulo. Muuzeni mtengo poyera, muvekeni jekete, mukanizeni chambo chaching'ono, ndipo mumuonetse potaya zinyalala. Mafumu ndi makomiti a pagombe agwirizane chiwerengero cha anthu okwera boti limodzi, ndipo makolo aonetsetse kuti ana ali kusukulu osati pambuyo pa alendo. Mlendo wanzeru amalemekeza mudzi umene uli ndi mwambo wake, ndipo amabweranso ndi anzake. Kwa anzathu a kumtunda, sonkhanani anthu 6 kapena 8, sungani ndalama mukagulitsa mbewu, ndipo funsani eni nyanja za mphepo musanasankhe tsiku, pakuti safunsa anadya phula.